Mpunga Umene Unacha Wokha

Inu adzukulu anga, tasenderani kuno, ngakhale simunabadwe.

Musaseke. Ndikudziwa kuti mwambo wake ndi woti munthu ayambe wamera imvi, mano agweluke, kenako asonkhanitse adzukulu n'kuyamba kuwatopetsa ndi zakale. Ine imvi ndilibe, ndipo amene mano akugweluka pakhomo pano ndi mayi wanu Esitere, yemwe ali Sitandade 2 ndipo akamaseka amabisa pakamwa ndi dzanja. Koma ndaona kuti ndikadikira ukalamba, nkhani iyi ndidzaithira mchere wambiri kapena kuiwala pakati, monga amachitira okalamba onse. Komanso, ndinene zoona, kuno kuchilindo munthu amaswera tsiku lonse wopanda womuyankhula. Ndiye ndati bola ndicheze ndi inu. Inu simungandidule mawu.

Chilindo, ngati m'masiku anu zidzakhale zitatha, ndi kansanja ka mitengo kofolera ndi udzu pakati pa munda wa mpunga, pamene timakhala poingitsa mbalame. Pamtengo wake timamanga chingwe chachitali, ndipo pachingwepo timakoloweka zitini zokhala ndi timiyala m'kati. Ukakoka, munda wonse umalira, mbalame n'kuuluka. Mukaona zilembo zanga zakhota, dziwani kuti dzanja lina linali pachingwe. Zina zakhota mwachibadwa, sukulu ndinalekeza Sitandade 6.

Munda uno uli kumunsi kwa sikimu ya Likangala, kunja kwa ngalande zake, kumene madzi a mtsinje amamwazikira m'dambo asanalowe m'nyanja ya Chilwa. Ukaimirira pano umaona njedza zokhazokha, udzu wautali wa m'madzi uja, kuseri kwake phiri la Chisi. Unali wa anganga anga, amene makolo awo anachokera ku Mozambiki wapansi. Unabwera kwa mayi anga, kenako kwa ine. Ukupita kwa Esitere, ndipo mwa inu amene adzakhale wamkazi adzaulandira. Anyamata musatupe masaya, mudzakalima kwa akazi anu. Ndi mmene zilili kwathu kuno.

Anganga nazale sankaidziwa. Ankangofesa mvula ikagwa, ndipo pokolola ankadula ngala imodziimodzi ndi chigoba cha nkhono. Chikwakwa ankati chimataya mpunga, ndi cha aulesi. Mpunga woyamba ankaukazinga paphale usanaume bwino, n'kuusinja mumtondo, ife n'kumatafuna wouma choncho mpaka nsagwada kuwawa. Inu mudzakhala a mabisiketi, ndikudziwa, ndipo fungo limenelo simudzalimva. Ndakumverani chisoni.

Mayi anga ndiwo anaona zowawa za kugulitsa. Ankasenza mpunga pamutu mpaka ku Songani. Akafika, wogula ankapisa dzanja m'dengu, kukwinya nkhope, n'kutchula mtengo umene wafuna. Ankadziwa kuti palibe munthu amene angasenzenso katundu ameneyo kubwerera naye kunyanja. Mayi ankabwera ndi mchere, sopo, ndi mapazi otupa ngati maungu.

Mgwirizano unabwera ine ndili mtsikana. Midzi ya m'dambo lino, ya Akhristu ndi ya Asilamu yomwe, inapanga bungwe n'kumanga chimodzi: mbewu ikhale imodzi, Faya, ija yoti ukaphika kuno a tsidya la msewu amadziwa kuti kwabwera alendo, kuwokera kukhale nthawi imodzi, kugulitsa kukhale pamodzi. Anamanga shedi kumudzi wa kumtunda. Matumba anali ndi chithunzi cha kakowa ataima ndi mwendo umodzi. Lole inkafika mpaka pamlambe wa kwathu. Tsiku loyamba mayi kuona lole ikunyamula mpunga wawo, anakhala pansi, kuyang'ana mapazi awo, amvekere, "Mwapuma inu."

Koma musaganize kuti zonse zinali uchi. Ndalama zinkachedwa, mpunga upite nthawi yozizira, iwe uzidikira mpaka mitengo kuphukira. Pathumba lililonse bungwe linkatapapo kake. Akomiti ambiri anali a kumtunda, ndipo akabwera kudzayendera minda ankazula phesi lililonse losakhala Faya ngati akuzula udzu, m'munda mwako, iwe ukuona. Zinkawawa ndithu. Amene adzakuuzeni kuti mudzi wathu unalibe chodandaula, ameneyo adzakhala akunama.

Tsopano ndikuuzeni za agogo anu aamuna, a Lafayelo. Anabwera kudzakwatira kuno kuchokera ku Phalombe, ali ndi njinga yopanda mabuleki ndi kawailesi komanga ndi mphira. Anali munthu wamanja, khasu linkawaopa. Ndipo pakamwa pawo panali pokoma, moti akayamba kuyankhula ngakhale woti akupita kuchigayo ankatula thumba.

"Amake Esitere," ankatero, "pakhomo pano ndine mkamwini. Munda ndi wa akuchikazi, mango ndi a akuchikazi, mphaka yemwe amadziwa kuti mwini wake si ine. Ndiye kumundanso ndikhale mkamwini wa komiti? Munthu mmodzi ukamwini kawiri?"

Ine ndinkaseka. Sindinadziwe kuti pansi pa nthabwalayo panali bala.

Nthawi imeneyo wailesi inkangokamba za dziko lina la azungu limene linavota kuti lituluke m'bungwe la malonda la mayiko anzake. Agogo anu nkhani imeneyo anaikonda ngati nyama.

"Mwamva? Azungu omwe atopa nako kuuzidwa zochita. Akuti azikapangana okha ndi aliyense amene amufuna. Nanga ife tikudikira chiyani?"

"Kodi azunguwo amalima mpunga?" ndinafunsa.

"Mfundo ndi imodzi, amake Esitere."

Mfundo ankadziwa kuziyala. Ankati tikatuluka tibzala Pusa, mpunga wocha msanga uja. Tikolola anzathu asanayambe, nthawi imene m'misika mulibe mpunga, mtengo uli m'mwamba. Ndalama ndi zapamanja, ndipo palibe wotapapo. Ndani akanakana? Tsiku la msonkhano wa mudzi wokambirana zotuluka m'bungwe, ine ndinali kusikelo ndi Esitere, pamodzi ndi amayi ambiri a m'mudzi muno. Tikubwera, tinakumana ndi anyamata atanyamula agogo anu paphewa, akuimba. Manja anali atakwezedwa kale. Mudzi wathu unali utatuluka.

Ife tinkayesa kuti kutuluka m'bungwe kuli ngati kutuluka m'nyumba, chitseko n'chimodzi. Sitinadziwe kuti kuli ngati kusolola chingwe chimodzi pamkeka. Lole inasiya kukhota pamlambe, chifukwa mwini lole anapangana ndi bungwe, osati ndi ife. Kuchigayo cha mpunga a bungwe anali ndi mtengo wawo ndi tsiku lawo. Ife tinakhala ngati wina aliyense wodutsa. Wogula wamkulu wa ku Blantyre, amene anadya mpunga wathu zaka zonsezo, agogo anu atamuimbira foni anayankha mwaulemu ndithu kuti, "Achimwene, ine ndimadziwa kakowa. Inuyo sindikudziwani."

Ndiye anayamba kuyenda, kufunafuna mapangano atsopano, khomo ndi khomo. Lero ku Songani, mawa mu Zomba, mkuja ku Jali. Aliyense ankafunsa zofanana: "Muli ndi wochuluka bwanji? Mungadzaze lole?" Mudzi umodzi sudzaza lole. Ankabwera fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, koma mtima sunagwe. "Dikirani Pusa ache," ankatero. "Adzatisaka okha."

Kumalire kwa munda uno, kumbali ya kumtunda, kuli munda wa Abiti Juma, mayi wachisilamu wa mudzi woyandikana nawo, umene unatsala m'bungwe. Ndi wamkulu kwa ine, anali mnzawo wa mayi anga. Kuyambira kale chingwe cha zitini cha minda yathu iwiri chinali chimodzi, kuchokera pachilindo chawo mpaka pachilindo chathu. Iwo akapita kukaswali, ndinkakoka ine. Ine ndikamayamwitsa, ankakoka iwo. Lamlungu munda wanga unali wawo, Lachisanu wawo unali wanga.

Chaka cha Pusa, ngala zitayamba kutuluka, agogo anu anatenga mpeni kupita kumalire. Sikunali kukwiya ayi. Mpunga wathu unali kucha, wa Abiti udakali wobiriwira, ndiye anafuna kuti mbali yathu ya chingwe izungulire munda wathu wokha. Abiti anali kupalira pafupi. Anaweramuka, dzanja m'chiuno.

"Che Lafayelo, chingwecho chakulakwirani chiyani?"

"Sichinalakwe, Abiti. Kungoti masiku athu asiyana."

"Eya. Mwatuluka m'bungwe, tamva. Kodi mbalame mwaziuza?"

Agogo anu anaseka, Abiti anaseka, inenso ndinaseka. Chingwe chinadulidwa.

Dikirani kaye, zatera kumunsi uko.

Zapita. Ndinali pati? Eya, pa mbalame.

Mpunga ukangotulutsa ngala, m'kati mwa njere mumakhala madzi oyera amene timati mkaka. Mpheta zimaukonda koposa. Sizidya njere, zimangofinya ndi mlomo n'kuyamwa, ngala n'kutsala itaima bwinobwino koma m'kati mulibe kanthu. Kuyambira nthawi ya anganga, dambo lonse linkafika pamkaka nthawi imodzi. Mbalame za m'njedza zinkamwazikana, zina uku, zina uko, mpaka kumene maso amalekeza. Aliyense ankataya pang'ono, palibe ankalira. Zimenezi sizinalembedwe m'malamulo a bungwe. Pamsonkhano paja palibe anazitchula, wofuna kutuluka ngakhale wofuna kutsala, chifukwa palibe ankadziwa kuti ndi phindu. Zinali ngati mpweya.

Chaka chimenecho, m'dambo lonse lobiriwira, kachigawo ka mudzi wathu kokha ndiko kanali ndi mkaka.

Adzukulu anga, ine mbalame ndinakula nazo, koma zoterozo sindinazionepo. Zinkatuluka m'njedza ngati utsi wa lupsa. Ukakoka chingwe zinkangodumpha pang'ono n'kuteranso kumbuyo kwako. Zitini zinaphwanyika. Tinaumba timipira tadothi toponya, mikono inatupa. Ndinali ndi Esitere kumsana, ndikuthamanga m'matope, kukuwa mpaka mawu anatha, ndinkangotsegula pakamwa osatuluka kanthu. Ana a sukulu anajomba, nkhalamba zinabwera ndi mapoto ndi zipande, mudzi wonse unasamukira kudambo. Ukayang'ana tsidya la malire, kwa anzathu kunali zii, mpunga ukungogwedezeka ndi mphepo, mwina munthu mmodzi akupalira chapatali.

Abiti anawoloka malire tsiku lina, anandimasula mwana kumsana n'kumubereka iwo, ndipo anaponya nane dothi mpaka dzuwa kupendeka. Sananene kuti ndinakuuzani. Pochoka anangoti, "Mwanangu, mbalame za nyanja yonse zadya pakhomo pako. Zikadakhala anthu, bwenzi uli mfumu."

Pomenya mpunga, mulu wa mankhusu unaposa wa njere. Wotsalawo tinadikira nawo ogula aja oti adzatisaka okha. Anabwera venda mmodzi panjinga yamoto, sikelo yake ili pachiwongolero. Anatapa m'manja, anafikisa, ananunkhiza.

"Amayi, uwu ndi Pusa. Sununkhira. M'tauni akufuna Faya."

"Koma m'misika mulibe mpunga," anatero agogo anu.

"Ulipo, bwana. Wa chaka chatha wa kakowa sunathe." Anayang'ana uku ndi uku. "Kaya, mwina pali wina amene akubwera kudzagula?"

Ankadziwa kuti palibe. Ndinaona nkhope yomwe ija mayi ankaisimba ya ku Songani, koma tsopano inatitsata mpaka pakhonde. Patapita milungu ingapo Faya wa anzathu anacha, dambo lonse nthawi imodzi, mbalame zinamwazikana monga mwa masiku onse, ndipo lole inadutsa kumtunda itadzaza mpaka kupendekera.

Anthu a kwathu kuno sakumenya ndi ndodo, amakumenya ndi dzina. Anyamata omwe aja anawanyamula paphewa ndiwo anayamba: "Pusa watipusitsa." Posakhalitsa agogo anu sanalinso a Lafayelo. Pamjigo, kutchalitchi, pabawo, anali a Pusa. "Mwadzuka bwanji a Pusa?" Ena ankanena mosaganiza n'komwe, ngati dzina la ubatizo. Kawailesi kaja anakapachika kudenga osakatsegulanso. Munthu woyankhula uja anasanduka wongoyang'ana pansi.

M'mawa wina anati akupita kunyanja, kukagwira matemba ndi anzawo pazimbowera, timisasa toyandama tija asodzi amagonamo pakati pa njedza. Ndinawaperekeza mpaka padoko la Kachulu. Ananyamula Esitere, anamupsompsona pamutu, anandibwezera.

"Ndikapeze ya mbewu ndi ya sopo, ndibwera mvula isanagwe."

"Bambo a Esitere, dzina silipha munthu."

"Silipha," anatero, "koma limakhala nawe pamphasa."

Bwato linalowa m'kanjira ka m'njedza, ndinaona nsungwi yopalasira ikukwera ndi kutsika, kenako nsonga yake yokha, kenako njedza basi. Mvula inagwa, sanabwere. Nyanja itaphwa chaka china, asodzi ambiri anabwerera kumidzi, koma iwo anapitirira kutsidya, ku Mozambiki. Akuti akulima fodya m'munda wa munthu. Amaimba foni, osati kawirikawiri. Nthawi zina amatumiza kangachepe. Mkazi wina sindinamve, ndipo sindifunsa.

Zaka zotsatira sindizifotokoza zonse, n'zofanana ngati madzi a m'dambo. Mudzi unasiya Pusa, koma Faya weniweni tinalibe, chifukwa mbewu yabwino inkachokera kubungwe. Aliyense ankabzala chimene wapeza, wosakanikirana, wina wamtali wina wamfupi, wina wacha wina ayi, ndipo mbalame zinkadya mosinthana minda ngati alendo a ukwati. Ena anapita kukapempha kuti tibwerere. A bungwe anati khomo silinatsekedwe, koma mudzi upemphe wonse pamodzi, ndipo ulowe ngati watsopano, kumbuyo kwa mzere. Apo ndiye panavuta. Theka likuti tibwerere, theka likuti tikagwade chifukwa chiyani. Mpaka lero akukambirana. Kawailesi kaja ndinakatsitsa ine, ndipo tsiku lina ndinamva kuti azungu aja nawonso akuyenda khomo ndi khomo kufuna mapangano, ndipo alimi awo akudandaula. Ndinafuna kuuza munthu, koma m'nyumba munali ine ndi mwana wogona.

Amuna ambiri anachoka, ena ku Joni, ena kutsidya. Minda inayamba kupita palendi kwa anthu a m'tauni. Chilimwe chathachi anabwera atsibweni anga, mlongo wawo wa mayi, amene ndiwo oyang'anira mbumba yathu chimwalirireni mayi. Si munthu woipa. Anakhala pakhonde, anavula chipewa, anayang'ana denga langa lodontha.

"Feliya, pali bwana wina wa mu Zomba akufuna munda uja palendi. Zaka zingapo chabe. Ufolere nyumba ndi malata, mwana apeze yunifolomu."

"Atsibweni, munda wa lendi munauonapo utabwerera?"

Anakanda m'mutu. "Ena amabwerera."

"Wa ndani?"

Iwo anangoti, "Nanga ulima ndi ndani? Mwamuna kulibe. Chaka ndi chaka ukulimira mpheta. Ine anthu akundinena kuti ndikuonerera mwana wa mlongo wanga akuvutika."

"Ndipatseni dzinja limodzi."

"Limodzi," anatero, akuvala chipewa. "Ndikadzapeza mankhusu, usadzandinene kuti ndine wankhanza."

Usiku umenewo sindinagone, koma m'mawa mwake ndinadziwa chochita. Kulowa m'bungwe ndekha sindikanatha, lamulo likufuna mudzi. Koma mbalame sizifunsa khadi. Zimangoona ngati mpunga wako wacha wokha kapena wacha ndi anzake. Ndinapita kwa Abiti, ndinawapeza akupeta pakhomo pawo.

"Abiti, ndigaireni mbewu ya Faya. Ndidzabweza pokolola."

Anaika lichero pansi. "Mwanangu, ukufuna andichotse m'bungwe? Mbewu ya kakowa situluka kunja. Tinalumbira."

Ndinadzuka kuti ndizipita, manyazi atandigwira.

"Takhala pansi, iwe, wathamangira kuti? Ndati mbewu. Kodi ndanena za mbande?" Anatapa mpunga pang'ono n'kuponyera nkhuku. "Ine ndakalamba, maso sakuona bwino. Chaka chino ndikuona ngati nazale yanga ndifesa yaikulu mopitirira. Ndikatha kuwokera, zotsala ndimataya pamalire. Chotaya chilibe lamulo. Akatola galu, akatola munthu, ine sindidziwa."

Ndinatipula munda wonse ndekha, ndinasalaza matope ndekha, msana unkachita ngati uthyoka. Ndinkayang'ana kumtunda tsiku ndi tsiku kuti ndisatsogole ndiponso ndisatsalire. Tsiku limene a bungwe anayamba kuwokera, ndinapeza pamalire mitolo ya mbande itaimikidwa bwinobwino mizu m'madzi, yomanga ndi luzi, yofunditsa udzu kuti isafote. Sindinaonepo zinthu zotaya zosamalidwa choncho. Wakomiti wina anadutsa, anaima, anayang'ana mitoloyo, anayang'ana Abiti.

"Abiti, zotsala zanu chaka chino zachuluka bwanji?"

"Ukalamba, bambo. Dzanja limanjenjemera pofesa."

Bamboyo anatsokomola, n'kupitiriza ulendo wake.

Ngala zitayamba kutuluka, ndinatenga mbali yanga ya chingwe kupita nayo kumalire. Mbali ya Abiti inali pomwepo, yomangirira pachikhomo, nsonga yake yodulidwa ija itachita manyanyu ndi dzuwa la zaka zonsezi. Ndinalumikiza. Zingwe ziwirizo n'zosiyana, yawo ya nayiloni yobiriwira, yanga ya ulusi wa matumba wopota, ndiye mfundo yake ndi yaikulu, yonyansa, ngati chule wakufa. Koma yagwira.

Ndi mmene mwandipezera lero. Dambo lonse lacha pamodzi, ndipo munda uno simungausiyanitse ndi wa anzathu. Mbalame zikubwera, inde, koma zanga zokha, gawo langa. Matumba anga sadzakhala ndi kakowa, lole sidzaima pamlambe, ndipo venda uja adzabwera ndi nkhope yake yomwe ija. Koma akadzanunkhiza, sadzanenanso kuti sununkhira.

Atsibweni anabwera dzana. Analowa m'munda osavula nsapato, anathyola ngala imodzi, anaiyeza m'dzanja, anafikisa, analuma njere. Anayenda mpaka kumalire, anaima nthawi yaitali akuyang'ana mfundo ija. Pobwerera za bwana wa mu Zomba sanazitchule. Anangoti, "Chigawo cha pakati icho usadye, usagulitse. Imeneyo ndi mbewu. Chaka chamawa dzanja la Abiti lisadzanjenjemerenso chifukwa cha iwe."

Ndiye munda wanu ulipo, adzukulu anga. Ndimafuna mudziwe kuti unatsala pang'ono kupita, ndiponso chimene chinaubweza.

Dzulo masana agogo anu anaimba, ndili pompano. Ndinawauza zonse, za mbande, za atsibweni, za Esitere ndi mano ake. Ndinakoka chingwe kuti amve zitini pafoni. Anamvetsera mpaka zitini zinaleka kulira. Kenako anafunsa motsitsa mawu:

"Kodi dzina lija akunditchulabe?"

"Ana okha," ndinatero. "Ndipo sadziwa n'komwe tanthauzo lake. Bwerani mudzamwete, bambo a Esitere. Chikwakwa chanu ndanola."

"Ndiona," anatero. Mayunitsi anathera pomwepo.

Kaya mudzawadziwa, kaya mudzangomva dzina. Mukadzamva wina akuti a Pusa, mudzamuuze kuti dzina lawo ndi a Lafayelo, kuti anali munthu wamanja, ndipo chimene ankafuna n'kukhala mwini wa kanthu kamodzi. Mfundo zawo zinali zomveka, mudzi wonse unawomba m'manja. Anangoiwala kufunsa mbalame, ndipo palibe wa ife amene anawakumbutsa, kupatula mayi mmodzi amene tonse tinamuyesa akuseka.

Esitere atuluka kusukulu posachedwa, ndiyenera kukamuphikira. Lero ndi Lachisanu, koma Abiti abwerako kale kumzikiti, ndikuona mpango wawo woyera pachilindo chawo, kutali, ngati kakowa. Sitiyankhulana, mtunda ndi wautali, mawu safika. Koma taonani, zitini za mbali yanga zayamba kulira, ine manja onse ali papepala.

Munda ukadzafika kwa inu, zitini mudzasinthe, zimachita dzimbiri. Chingwe chikadzaola mudzapote china. Koma mukadzafika kumalire n'kupeza mfundo yonyansa ija, mpeni mudzausiye m'thumba.